Chigamba cha Mawaya

Pa wailesi ina yaing'ono, kuseri kwa chipinda choulutsira mawu, kudali kachipinda kopanda zenera komwe munthu akalowamo ankatuluka akuyetsemula. M'menemo ndimo munkakhala Mawaya. Dzina lake lenileni lidatsalira pa chiphaso cha ntchito. Kuyambira abwana mpaka mayi wosesa, onse ankangoti Mawaya, chifukwa sankayenda wopanda nthambo: ina m'khosi, ina m'thumba, ina ataluma kukamwa. Ntchito ankaidziwa, tisamunamizire. Chipangizo chimene anzake adachilira kale maliro, iye ankachitsegula, n'kuchigogoda pang'ono, chija n'kuyambanso kulankhula. Chilema chake chidali chimodzi basi. Chinthu chikangoyaka, kwa iye ndiye kuti ntchito yatha, ndipo za mawa ankati zidzaoneka mawa lomwelo.

Pa wailesi yomweyo pankagwira ntchito apongozi ake, Mayi Dzukani. Dzinali adalitengera ku pulogalamu ya m'mawa imene ankaulutsa ndi amuna awo kwa zaka zisanu ndi zinayi, mpaka bambowo adamwalira n'kusiya mwana wamkazi wa zaka zinayi. Mwana ameneyo ndiye adadzakhala mkazi wa Mawaya, mphunzitsi wa sukulu, mayi wa ana awiri. Za bambo ake ankakumbukira nsapato zawo zazikulu ndi fungo la jekete lawo, koma mawu awo ayi. Mawuwo adali m'makatoni asanu ndi limodzi, pa matepi akale pafupifupi mazana awiri, pamwamba pa kabati ya m'kachipinda ka Mawaya.

Matepiwo chinyontho ndi kutentha zidawadya kale. Tepi ikazungulira kamodzi, khungu lake lakuda, lomwe limasunga mawu, linkayoyoka n'kutsala pa makina ngati mwaye, ndipo kachiwiri sinkalankhulanso zomveka. Choncho tepi iliyonse idatsala ndi ulendo umodzi wokha. Ukaiseweretsa, uyenera kuti ukhale ukuijambula nthawi yomweyo, apo ayi yapita.

Kutatsala miyezi iwiri kuti Mayi Dzukani apume pantchito, adaima pakhomo pa kachipindako. M'katimo sankalowa, paja munthu ndi mpongozi wake sapanikizana m'kachipinda kotero.

"Bambo, abwana akuti adzandigulira wotchi yotsanzikira. Wotchi ndidzaonera chiyani ine wopuma? Inu mundichotsere malemu m'makatonimo, muwaike pa kompyuta. Mkazi wanu awamve, adzukulu anga awamve."

"Zazing'ono zimenezo, amayi. Mawa lomwe mubwere mudzamve yoyamba."

"Ayi, ine sindimva mpaka tsiku lotsanzikalo, tidzamvere limodzi tonse. Ndikayamba lero ndilira miyezi iwiri, ndiye pawailesi adzalankhula ndani? Koma chonde, bambo, ndi okhawa. Kulibe kwina."

"Ali m'manja abwino," adatero Mawaya akudzigunda pachifuwa ndi sikuludiraiva.

Kompyuta ya m'kachipindako sinkayendera pulogalamu yogula. Inkayendera ija ya anthu onse, imene amalemba anthu ongodzipereka a m'maiko osiyanasiyana, osadziwana nkhope, ndipo aliyense ali ndi ufulu woitsegula m'mimba n'kuona mmene ikugwirira ntchito. Pakatikati pa pulogalamu imeneyo pali chimene amachitcha kenelo. Kenelo ndiye mtima wake: ndiyo imalamula kuti mawu achoke apa, adutse apa, akagone pakuti pa disiki. Mawaya ankaikonda kwambiri pulogalamuyi, moti ankailalikira kwa aliyense wodutsa, ngakhale kwa mayi wosesa amene ankangofuna kuti anyamule miyendo asesepo.

Lolemba m'mawa adaika tepi yoyamba. Mawu adayamba kulowa bwinobwino, timizere ta pa sikirini tikuvina. Itakwana mphindi ya khumi ndi chiwiri, sikirini ija phi! kuda, kenako zilembo zoyera mbwee kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kompyuta idauma gwa. Mawaya adalumphira pa kompyuta n'kuiwala kuimitsa tepi, iyo n'kuzungulira mpaka kumapeto, ndipo atayatsanso kompyuta adapeza kuti zonse zimene idajambula zapita. Munthu wina akadaima pomwepo. Iye adati mwina ndi magetsi, n'kuika tepi yachiwiri. Pa mphindi yomweyo, phi! Nayonso idatha iye akulimbana ndi kompyuta.

Matepi awiri afa m'manja mwake dzuwa lisanafike pamutu.

Tinene zoona, pamenepa Mawaya adachita za nzeru. Kwa anthu olemba kenelo kuli mwambo wake wokanenera vuto. Sungofika n'kukuwa kuti chinthu chanu chafa, chifukwa palibe amene angakuyankhe. Umajambula zilembo zonse zimene kenelo yalavula pokomoka, osasiyako ngakhale mzere umodzi. Umanena mtundu wa kompyuta yako, mtundu wa disiki, kenelo ya liti, ndi chimene unkachita pamene imagwa. Kenako umasonyeza njira yoti wina aigwetsenso dala. Mawaya adachita zonsezo mosamala. Adajambula phokoso wamba kangapo osaikamo tepi, naona kuti fayilo ikangokula kufika pa mphindi khumi ndi ziwiri, kenelo imakomoka. Adalemba zonse, natumiza.

Patapita masiku awiri yankho lidabwera. Adayankha ndi mayi wina amene ankayang'anira gawo la kenelo loona za madisiki a mtundu umenewo. Mawaya sankadziwa dziko lake ngakhale msinkhu wake, ndipo ankangomutcha Kapitawo.

"Zikomo, lipoti lanu ndi laukhondo," adalemba Kapitawo. "Ndatumiza chigamba, tizilembo tochepa tosintha pamene ndikuganiza kuti pali vuto. Koma disiki ya mtundu wanuwo ine ndilibe, ndiye maso anga ndi inuyo. Mvetsetsani ichi: kenelo sikomoka mwachisawawa. Ikakomoka ndiye kuti yaona choipa, ndipo yasankha kuima kusiyana n'kuti ilembe zolakwika pa disiki. Chigamba changachi chikhoza kukhala kuti chachiza matenda, chikhozanso kukhala kuti changotseka wodwala pakamwa. Choncho musangoona kuti yasiya kugwa. Jambulani zinthu zopanda ntchito kwa masiku atatu, mafayilo aataliatali, ndipo iliyonse muimvetsere mpaka kumapeto. Mukandiyankha pofika Lachisanu, chigambachi chilowa m'kenelo yotuluka mwezi uno, chifika kwa anthu onse, ndipo dzina lanu lilembedwa pansi pake ngati amene adachiyesa. Mukachedwa chidikira ulendo wina. Kudikira si mlandu."

M'kalata yonseyo, maso a Mawaya adakakamira pa mawu awiri okha: dzina lanu. Paja zimene zalembedwa m'mbiri ya kenelo sizifufutika. Dzina likalowamo limakhalamo mpaka kalekale, ndipo aliyense padziko akhoza kukaliwerenga. Iye amene ngakhale abwana ake sankalikumbukira dzina lake lenileni!

Lachitatu lomwelo adasoka chigambacho m'kenelo, nayatsa kompyuta, nayamba kujambula zimene wailesi inkaulutsa nthawi imeneyo. Mphindi khumi ndi ziwiri zidakwana. Kompyuta ili phee. Makumi awiri, makumi anayi, ola lathunthu, timizere tikuvinabe. Mawaya adavina nato limodzi, nthambo zikuwuluka m'khosi. Adatsegula fayilo ija, namva poyambirira pake mawu ali mbee, naitseka.

Lachinayi adatanganidwa ndi maikolofoni imene inkalira yokha m'chipinda choulutsira mawu. Lachisanu m'mawa adakhala pansi kuti ayankhe Kapitawo. Zala zidaima pang'ono pamwamba pa mabatani, chifukwa kamtima kena kankamunong'oneza kuti m'bale wanga, wayesa ola limodzi lokha. Koma adadziyankha yekha. Kodi inkagwa pa mphindi zingati? Khumi ndi ziwiri. Nanga tsopano yadutsa zingati? Makumi asanu ndi limodzi. Ndiye masiku atatu ndi a chiyani, kukhala pansi kumvetsera nyimbo za dzulo ngati munthu wosowa chochita? Komanso matepi akudikira, tsiku la apongozi likuyandikira. Adalemba kuti: "Ndayesa masiku atatu. Mafayilo onse ndawamvetsera mpaka kumapeto, ali bwino." Adadina batani, mawu aja n'kupita.

Madzulo a tsikulo adafika kunyumba akuimba mluzu. Mkazi wake adali pa tebulo akuchonga makope a ana asukulu.

"Mayi, lero muzindipatsa ulemu. Dzina la mwamuna wanu likulowa m'makompyuta a dziko lonse."

"Iii, ndiye tizigwada popereka madzi? Mwachita chiyani?"

Mawaya adafotokoza zonse, za kukomoka, za Kapitawo, za chigamba ndi masiku atatu. Za matepi awiri okha ndizo adazilumpha. Mkaziyo adaika cholembera pansi n'kumuyang'ana chammbali.

"Inuyo mwadikira masiku atatu? Inu amene tiyi mumamwa akuwira, lilime n'kumapsa tsiku ndi tsiku?"

"Atatu athunthu. Werengani nokha: Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu."

"Chabwino, abambo. Bola adadi ndidzawamve. Usiku wina ndimayesa kuwaganizira mawu awo, koma amangobwera a munthu wina."

Patatha sabata, Mawaya adakaona dzina lake m'mbiri ya kenelo, lonse lathunthu, ndi la bambo ake lomwe. Adaliwerenga kasanu. Atakhuta nalo, makalata a anthu a kenelo adasiya kuwatsegula, poti adali ambiri ndipo zake zidali zitatheka.

Kuyambira pamenepo ntchito idayenda ngati madzi. Matepi asanu pa tsiku, ena asanu ndi limodzi. Mapulogalamu onse ankayenda mofanana: mphindi khumi ndi zisanu zoyambirira Mayi Dzukani ankawerenga moni ndi zidziwitso, kenako ankati, "Dzukani bambo, dzuwa lakwera!" ndipo amuna awo ankayamba kuyankha makalata a omvera mpaka pulogalamu kutha. Mawaya ankaika tepi, n'kutsitsa sipika kuti isamusokoneze, n'kumakonza zina kapena kucheza pa foni. Tepi ikatha ankatsegula fayilo, n'kumva apongozi ake ali mtsikana akupereka moni, n'kutseka. Tepi yakufayo ankaiponya m'thumba la pakona, n'kupukuta mwaye pa makina, n'kuika ina. Kompyuta sidagwenso ngakhale kamodzi. Makatoni adatha kutatsala masiku awiri.

Tsiku lotsanzika lidali Loweruka m'mawa. Chipinda choulutsira mawu chidadzaza. Abwana adavala tayi, mayi wosesa adavala mpango watsopano, mkazi wa Mawaya adakhala pambali pa amayi ake, ana awiri aja ali pamiyendo. Muulutsi wa tsikulo adauza omvera kuti lero amva pulogalamu ya Dzukani monga inkamvekera zaka makumi atatu zapitazo, ndipo foni ya wailesi idayamba kulira nthawi yomweyo. Mawaya adakhala pa mabatani chifuwa chili patsogolo. Nyali yofiira yosonyeza kuti omvera akumva idayaka, iye n'kudina.

Kanyimbo koyambira kadalira, kenako mawu a mtsikana, opyapyala, othamanga. Chipinda chonse chidaseka chogwira pakamwa. "Agogo, ndi inuyo?" adanong'ona mdzukulu wamkulu. Mayi Dzukani adagwedeza mutu, misozi ikulengeza. Moni adapita kwa uje ndi uje, zidziwitso za maukwati a anthu amene lero ali ndi zidzukulu. Mayi Dzukani adayang'ana wotchi ya pakhoma, nagwira dzanja la mwana wawo.

"Konzeka, mwanawe. Atsala pang'ono bambo ako."

Mkazi wa Mawaya adatseka maso. Pomwepo mtsikana wa m'sipika adadukiza pakati pa liwu. Kudabwera chiphokoso ngati matalala pa malata, chokanda m'makutu, mpaka mwana wamng'ono adalira. Kenako zii.

Pa wailesi palibe chinthu choopsa ngati chete. Muulutsi adatong'ola maso. Abwana adatembenuka. Mawaya adayang'ana pa sikirini: mphindi khumi ndi ziwiri. Adatsegula fayilo ina, nailumphitsa kutsogolo. Phokoso lomwe lija. Ina. Phokoso. Muulutsi adapepesa omvera n'kuika nyimbo, nyali yofiira n'kuzima.

"Bambo, chachitika n'chiyani?" adafunsa Mayi Dzukani.

"Ndi kompyuta ya muno, amayi. Tiyeni kwanga, kumeneko zili bwino."

Adatsogola, onse akumutsatira. Tsiku limenelo Mayi Dzukani adalowa m'kachipinda kaja osaganizanso za upongozi. Mawaya adatsegula fayilo yoyamba, yachikhumi, ya makumi asanu, yomaliza. Iliyonse inkayamba bwino, mtsikana akupereka moni mosangalala, ndipo ikafika pa mphindi khumi ndi ziwiri inkasanduka zinyalala. Mafayilo pafupifupi mazana awiri, ndipo m'menemo mudalibe ngakhale kutsokomola kwa bambo aja. Onse ankathera mphindi zitatu iwo asanatsegule pakamwa.

"Mayo ine!" adatero mayi wosesa ali pakhomo, manja ali kumutu.

Mawaya adagwada pa thumba la pakona, natulutsa tepi imodzi, naiika pa makina. Idazungulira ikulira tswii, m'sipika mukungomveka mphepo. Adaika ina, chimodzimodzi. Manja ake adada bii ndi mwaye uja, ndipo adangoti kakasi kuwayang'ana, chifukwa adazindikira kuti chakuda chimene wakhala akupukuta ndi kansanza masabata onsewa ndicho chidali mawuwo.

"Mawaya!" adakalipa abwana. "Ndani adakupatsa chinthu chimenechi? Wationongera mbiri ya wailesi, watichititsa manyazi dziko likumva! Ndani?"

Munthu akamamira amagwira ngakhale udzu. "Ndi anthu a kenelo, bwana. Adanditumizira chigamba chowola. Anthu osasamala, amangotulutsa zinthu osaziyesa. Ndiwalembera pompano, aone polekera."

"Alembere! Tonse tili pano."

Adatsegula bokosi la makalata la pa kompyuta lija lomwe adalisiya kalekale. Pamwamba penipeni padali makalata anayi ochokera kwa Kapitawo, olembera iye yekha, onse osatsegula. Yoyamba idafika masiku khumi ndi awiri apitawo, ndipo tsikulo onse adaliona pa sikirini. Mawaya adafuna kutseka, koma mkazi wake adali ataima kale kumbuyo kwake.

"Mwanawe," adatero Mayi Dzukani, "iwe ndiwe mphunzitsi. Werenga, utiuze m'chinenero chathu. Ndikufuna ndimve munthu amene wachita zimenezi akuti chiyani."

Mkaziyo adawerama, natsegula kalata yomaliza, nayamba kumasulira pang'onopang'ono.

"Akuti: Aka n'kachinayi kukulemberani. Chonde, ngati mukugwiritsabe ntchito chigamba chija, siyani lero lomwe. Chidaletsa kenelo kukomoka, koma fayilo ikakula, zotsala zonse chimazilemba malo olakwika, mwakachetechete. Anthu asanu ndi awiri andilembera. Wina wataya zithunzi za odwala a pachipatala chake, wina wataya ntchito ya chaka chonse. Chigambacho ndachichotsa. Kulakwa ndi kwanga, ndine ndidachilemba, ndipo tulo sindikuliona."

"Mwamva?" adatero Mawaya. "Wavomera yekha. Basi, tsekani."

"Sindinamalize, abambo." Adapitiriza. "Akuti: Koma pali chimene chikundizunguza mutu. Ndidachilola kupita kwa anthu chifukwa cha mawu anu awa: Ndayesa masiku atatu, mafayilo onse ndawamvetsera mpaka kumapeto, ali bwino. Ngati kwa inu adatulukadi bwino, ndiye kuti pali china chimene sindinachimvetse, ndipo mwina anthu ena akadali pangozi. Ndithandizeni. Mudayesa bwanji?"

Tepi yakufa ija inkazungulirabe. Mkaziyo adawongoka. Sadakweze mawu.

"Abambo, mayiyu akufunsa. Mudayesa bwanji?"

Mawaya adayang'ana abwana, adayang'ana khoma, adayang'ana manja ake akuda aja. Pothawira padalibe. Mawu ake omwe adali pa sikirini, tsiku lake lili pomwepo, dzina lake lili pansi.

"Ola limodzi," adatero.

"Ola limodzi. Nanga kumvetsera mpaka kumapeto?"

"Poyambirira pokha."

"Ndipo ine ndidakufunsani ndili pa tebulo paja, inu n'kundiwerengera masiku pa zala."

"Ha!" adatero abwana, n'kumasula tayi. Adatuluka akupukusa mutu, mayi wosesa n'kutenga ana aja kupita nawo panja.

Mayi Dzukani adakhala pansi pa katoni yopanda kanthu. Akadakalipa bwenzi zili bwino, akadatukwana Mawaya akadapumako. Iwo adangoyang'ana thumba la matepi lija kwa nthawi yaitali.

"Masiku khumi ndi awiri," adatero potsiriza. "Pa tsiku munkajambula angati, bambo?"

"Asanu, amayi."

"Ndiye kuti pamene mayiyu ankakuwa koyamba kuti siyani, malemu adali akadali moyo m'makatoni awiri." Adapumira m'mwamba. "Ine ndidakana kumvetsera kuti ndidzamvere limodzi ndi ana. Ndikadadziwa ndikadabwera ndi kampando, n'kumakhala pakhomo apa tsiku lililonse, ndilire miyezi iwiriyo. Mwamuna mmodzi ndamuika kawiri."

Mawaya adagwada. "Amayi, pepani. Ndikonza, ndifunsa, mwina pali njira."

Njira padalibe, ndipo iye ankadziwa. Zimene sizidalembedwe pa disiki palibe katswiri amene angazitulutsemo.

Mkazi wake adapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Atalankhulanso, mawu ake adali a kamwana ka zaka zinayi.

"Chabwino, zapita. Koma inuyo mudawamva. Masabata onsewa mudali nawo muno, inu nokha padziko lonse. Tandiuzani, ankamveka bwanji adadi? Mawu awo adali aakulu kapena aang'ono? Ankaseka bwanji? Tayesani kuwatsanzira, ngakhale pang'ono."

Mawaya adatsegula pakamwa. Adafufuza m'mutu monse. Adapezamo maikolofoni imene ankakonza, macheza a pa foni, zigoli za mpira zimene ankatsutsana ndi mnzake, ndipo kuseri kwa zonsezo kamawu ka mwamuna kakung'ung'udza m'sipika yotsitsa, kopanda nkhope, kopanda liwu ngakhale limodzi loti angaligwire. Apongozi ake aamuna adalankhula kotsiriza maola oposa zana m'kachipinda kake, iye ali pomwepo, ndipo sadawamve.

"Ndidatsitsa sipika," adatero.

Mkaziyo adadzutsa amayi ake pa katoni paja, nawagwira pamkono, natuluka nawo. Mawaya adatsala yekha chogwada, ndipo palibe amene adatseka chitseko.

Lolemba adamuyankha Kapitawo, nanena zoona zonse, kuti mayiyo asiye kusakasaka vuto lomwe kulibe. Poti kwa anthu a kenelo zonse zimachitikira poyera, kalata imeneyonso idakalowa m'mbiri, pansi pa yoyamba ija, ndipo zonse ziwiri zilipo mpaka lero kwa aliyense wofuna kuwerenga. Ntchito sadamuchotse, banja silidathe, koma pa nyumba ija dzina la malemu likatchulidwa, Mawaya amadzuka n'kupita panja.

Abale anga, bodza la Mawaya lidali la mizere iwiri yokha, ndipo adalitumiza kutali, kwa munthu amene sadzaonana naye mpaka imfa. Ankayesa kuti lathera komweko. Koma lidazungulira maiko, lidapweteka anthu osawadziwa, kenako lidabwerera n'kudzamupeza m'kachipinda kake komwe, likutuluka pakamwa pa mkazi wake, apongozi ake akumva. Akuluakulu sadaname pamene adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.